Mpeni wa pa sale: mtengo watsikadi?

Kuno kwa Kanyenda mpeni wopinda si chokongoletsera thumba: timatumbulira chambo, kudulira zingwe za ukonde, kusendera nzimbe. N'chifukwa chake ndikaona pa WhatsApp kuti mipeni ya Okapi yatsika mtengo, sindithamangira kutumiza ndalama.

Ndimayamba ndafunsa: kale unali pa zingati? Amalonda ena amakweza kaye kenako n'kutsitsa. Mpeni wa K10,000 akaulemba K14,000 n'kukugulitsani K11,000, mwaluza K1,000 uku mukumwetulira. Ena amatsitsadi kuti katundu wokhalitsa achoke; apo ndiye pogula, bola muwerengerenso ya thiransipoti.

Okapi amapangidwa ku South Africa, koma yofanizira iliponso. Yang'anani dzina pachitsulo, tsegulani, tsekani, muone ngati sukugwedera.

Pa basela maso amakwanira. Pa sale pamafunika masamu.