Kutchera joystick ndi throttle poyeserera kuyendetsa chombo cha m'mlengalenga

Mawu oyamba

Pali mapulogalamu a pakompyuta amene amalola munthu kuyeserera kuyendetsa chombo cha m'mlengalenga ali chikhalire pampando. Ena mwa iwo ndi Orbiter, imene Martin Schweiger anatulutsa mwaulere mu 2000, Kerbal Space Program ya mu 2011, ndi Elite Dangerous ya mu 2014. Ambiri amayendetsa zombozi ndi zipangizo ziwiri: joystick, yomwe ndi ndodo yowongolera, ndi throttle, yomwe ndi chogwirira choonjezera kapena kuchepetsa mphamvu ya injini. M'nkhani ino ndifotokoza katcheredwe ka zipangizozi. Monga wophunzira za chiyankhulo, mfundo yanga ndi yakuti kutchera kumeneku n'kupangana chiyankhulo pakati pa dzanja ndi makina.

Mayendedwe asanu ndi limodzi

Galimoto pamsewu wa Khwekhwelere potsikira ku Golomoti imangopita kutsogolo, kubwerera m'mbuyo ndi kukhota. Chombo cha m'mlengalenga chili ndi mayendedwe asanu ndi limodzi. Atatu oyamba ndi otembenuka, ndipo Chichewa chili nawo kale mawu ake tikayerekeza chombo ndi mutu wa munthu. Kugwedeza mutu povomera ndi kumene Angerezi amati pitch, kupukusa mutu pokana ndi yaw, pamene kupendeketsa mutu kuti khutu likhudze phewa ndi roll. Atatu enawo ndi osuntha chombo chonse osachitembenuza: kutsogolo ndi kumbuyo, kumwamba ndi pansi, komanso cham'mbali monga iyendera nkhanu.

Ntchito ya wotchera ndi kugawira mayendedwe amenewa kuzala ndi manja ake. Joystick wamba monga Logitech Extreme 3D Pro imakankhika kutsogolo ndi kumbuyo, kumanzere ndi kumanja, imapotoka, ndipo ili ndi kachogwirira kakang'ono ka throttle. Zonse pamodzi ndi njira zinayi, pamene zofunika ndi zisanu ndi imodzi. Choncho kusuntha cham'mbali ndi kukwera kapena kutsika timakupereka kwa kabatani kapamwamba kogwira ndi chala chachikulu. Zombo za Apollo zinathetsa vutoli ndi zogwirira ziwiri. Pamene Neil Armstrong ankatera pamwezi mu 1969, dzanja lake lamanja linali ndi chogwirira chotembenuzira chombo, pamene chosunthira chinali kumanzere.

Katcheredwe kake

Choyamba ndi kuona ngati kompyuta ikumva chipangizocho. Mu Windows, mukalemba joy.cpl mumaona kachizindikiro kosuntha pamene mwagwedeza ndodo. Kachizindikiroko kayenera kufika m'makona onse ndi kubwerera pakati mukasiya.

Chachiwiri ndi kulowa mu pulogalamu ndi kumangiriza kayendedwe kalikonse kunjira yake. Apa m'pamene pagona nkhani. Oyendetsa ndege amakokera ndodo kwa iwo kuti mphuno idzuke, ndipo amaikankhira cham'mbali kuti ndege ipendeke. Koma ena okonda zombo za m'mlengalenga amaika kupukusa pamalo pa kupendeka, chifukwa kopanda mpweya chombo sichifunika kupendeka kuti chikhote. Onse amauluka bwino. Chofunika ndi kusankha njira imodzi ndi kuisunga.

Chachitatu ndi kusiya kampata kosamva pakati pa ndodo, kamene amati dead zone. Ndodo ikayamba kutha simabwerera pakati penipeni, ndipo chombo chimatembenuka chokha pang'onopang'ono ngakhale musanachikhudze. Kampata kakang'ono kamathetsa zimenezi, koma kakakulitsa chombo chimachedwa kumva. Mofanana ndi zimenezi, ndi bwino kutchera kuti ndodo izimva pang'ono pafupi ndi pakati ndi kumva kwambiri chakumapeto, kuti polumikiza chombo ndi chinzake dzanja lisamachite kulumpha.

Throttle ndi bwato

Throttle ndi imene imasokoneza anthu ambiri. Msodzi wa kunyanja kwathu kwa Kachindamoto akasiya kupalasa, bwato limayendabe pang'ono kenaka n'kuima, chifukwa madzi amaligwira. M'mlengalenga mulibe cholepheretsa chotero. Isaac Newton anafotokoza mu 1687 kuti chinthu chimapitiriza kuyenda pa liwiro lake mpaka mphamvu ina itachisintha. Ndiye kuti kubweza throttle pa ziro sikuimitsa chombo. Kumangoletsa kuti liwiro lisaonjezereke. Kuti muime muyenera kupalasa chambuyo, kapena kutembenuza chombo n'kuyatsa injini moyang'ana kumene mukupita.

Pachifukwa chimenechi wotchera amasankha pakati pa njira ziwiri. Akhoza kuika ziro pakati pa throttle, kuti kukankha kukhale kupita kutsogolo ndipo kukoka kukhale kubwerera, kapena kuika ziro kumapeto n'kusankha batani lina lotembenuzira mphamvu. Ayeneranso kudziwa khalidwe la pulogalamu yake. Elite Dangerous ili ndi chothandizira chimene chimaimitsa chombo ngati bwato, pokhapokha mutachizimitsa, pamene Orbiter imatsata malamulo a Newton mosanyengerera.

Chiyankhulo cha dzanja

Ferdinand de Saussure, m'buku la ziphunzitso zake lotuluka mu 1916, anaphunzitsa kuti palibe chimene chimakakamiza liwu kutanthauza chinthu chake, anthu amangogwirizana. N'chimodzimodzi pano. Kukoka ndodo pakokha kulibe tanthauzo mpaka titakumangiriza ku kudzuka kwa mphuno. Koma mgwirizano ukakhazikika, dzanja limauyankhula mosaganiza, monga momwe lilime limatchulira mawu a chiyankhulo chobadwa nacho. Munthu amene amasintha katcheredwe kake sabata iliyonse ali ngati mwana amene makolo akumusinthira mayina a zinthu m'mawa uliwonse.

Mawu omaliza

Wina akhoza kufunsa kuti zimenezi zili ndi phindu lanji kwa wachinyamata wa ku Mua kapena ku Mtakataka. Mu 2017 boma la Malawi ndi UNICEF anatsegula malo oyeserako tindege topanda woyendetsa ku Kasungu, ndipo mu 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inatsegulidwa ku Lilongwe. Tindegeti timawongoleredwa ndi timitengo tiwiri tokhala ndi throttle, kupukusa, kugwedeza ndi kupendeka komwe, ndipo oyendetsa ake amakhalanso ndi migwirizano yosiyana ya dzanja limene ligwire throttle. Luso limeneli tsono lafika pakhomo pathu. Chatsala kwa ife ophunzira za chiyankhulo ndi kugwirizana mawu a Chichewa ophunzitsira lusoli, kuti mwana wa msodzi amene amadziwa kale kupalasa chambuyo asalephere chifukwa cha Chingerezi chokha.