Mtsempha wa mtima ukachepa, kodi uyenera kutsegulidwa?

Funso: Kodi matenda a mitsempha ya mtima amayamba bwanji?

Yankho: Mtima uli ndi mitsempha yakeyake youbweretsera magazi, ndipo mafuta otchedwa kolesterolo akamaunjikana m'makoma a mitsemphayi kwa zaka zambiri, njira ya magazi imachepa, mwakuti munthu akamakwera chitunda amamva kupweteka pachifuwa kumene kumaleka akapuma.

Funso: Nanga madokotala amadziwa bwanji pamene mtsempha wachepa?

Yankho: Mu 1958, Mason Sones wa ku Cleveland Clinic analowetsa mwangozi mankhwala ooneka pa ekisire mu mtsempha wa mtima wa wodwala, ndipo wodwalayo atapulumuka, njirayi inakhala maziko ojambulira mitsempha. Kujambulaku kunatsegulanso njira yochizira: mu 1977, Andreas Grüntzig anakulitsa mtsempha wochepa mumzinda wa Zurich pofufumitsa kabaluni m'kati mwake, ndipo pambuyo pake kunabwera stent, kachubu ka waya kamene kamasiyidwa mu mtsempha kuti usatsekekenso.

Funso: Kodi pamalo paliponse pamene pachepa pamafunika stent?

Yankho: Ayi, ngakhale kuti maganizo oti chotsekeka chitsegulidwe amamveka anzeru. Kafukufuku wa COURAGE wa mu 2007, wokhudza odwala 2,287, ndiponso wa ISCHEMIA wa mu 2020, wokhudza odwala 5,179, anapeza kuti mwa anthu amene matenda awo ndi okhazikika, kutsegula mtsempha sikunachepetse imfa poyerekeza ndi kumwa mankhwala mokhulupirika. Chifukwa chake nchakuti mtsempha umatsekeka mwadzidzidzi mulu wa mafuta ukang'ambika magazi n'kuundana pamenepo, ndipo izi zimachitika kawirikawiri pamalo amene sanachepe kwambiri, pamene dokotala sangaganize zoikapo stent. Mankhwala amafika m'mitsempha yonse, ndipo kafukufuku wa 4S wa mu 1994, wochitika ku Scandinavia pa odwala 4,444, anasonyeza kuti simvastatin, mankhwala otsitsa kolesterolo, anachepetsa imfa ndi magawo pafupifupi 30 pa 100 aliwonse. Stent imathandizabe wodwala amene chifuwa chikumupwetekabe ngakhale akumwa mankhwala, ndipo ayenera kuuzidwa momveka kuti phindu lake ndi limeneli.

Funso: Nanga mtsempha ukatsekeka mwadzidzidzi?

Yankho: Apa kuchedwa kumapha, pakuti mnofu wa mtima wosowa magazi umayamba kufa ndipo sumeranso. Wodwala amayezedwa ndi ECG, makina olemba mphamvu ya magetsi ya mtima, komanso amayezedwa magazi pofufuza troponin, puloteni yotuluka mu mnofu wovulala, kenako amapatsidwa asipirini, ndipo mtsemphawo umatsegulidwa mwamsanga ndi stent kapena ndi mankhwala osungunula magazi oundana.