Ndinati ndisese m'foni, fizi ya mwana inakanika kutuluka

Foni yanga ndi ya Android, ya 32GB, ndipo tsiku lomwe ndinaigula ndinapeza muli kale alendo omwe sindinawaitane: masewera awiri, kamsika ka kampani yopanga foniyo, ndi china chongotulutsa nkhani zakunja. Ukati uchotse, batani lochotsera palibe.

Mphwanga wa ku koleji ndiye anati mankhwala ake ndi root. Ati ukatero umakhala mwini weniweni wa foni, ungathe kulowa mpaka kuchipinda komwe kampani inakhoma. Chida chotchuka pa ntchitoyi ndi Magisk, chomwe John Wu anatulutsa mu 2016. Mkuluyu mu 2021 analembedwa ntchito ku Google, kugawo loteteza Android komweko. Taonani dziko, abale!

Poyamba umayenera kutsekula chomwe amachitcha bootloader. Chimene mphwanga anaiwala kundiuza n'chakuti ukatsekula, foni imafufuta zonse. Zithunzi za chinkhoswe cha mwana wanga wamkazi zinapita pomwepo. Ndinangoti kakasi, koma poti madzi anali atatayika kale, ndinapitiriza.

Tinaika Magisk, kenako module yochotsera mapulogalamu. Masewera aja anasowa. Mtima unakoma, dzanja linayabwa, ndipo usiku ndili ndekha ndinayamba kusesa chilichonse chomwe dzina lake sindinalimve. Pakati pake panali Package Installer. Nditazimitsa ndi kuyatsanso, foni inangoonetsa chizindikiro cha kampani, kuzima, kuonetsanso, mpaka tambala kulira.

M'mawa ndinali kale kumsika, kwa mnyamata wina wokonza mafoni pansi pa ambulera. Anaiyatsa atadina batani lochepetsera mawu, foni n'kudzuka.

"Madala, musadandaule, simunafufute kanthu," anatero akuseka. "Mwangovundikira."

Apa m'pamene ndinamva zenizeni. Module ya Magisk sikhudza mafayilo a system. Imakhala payokha mu /data/adb/modules, ndipo foni ikamayaka imaika foda yopanda kanthu pamwamba pa foda yeniyeni, ngati kufunditsa chitenje pa dengu. Android ikayang'ana imaona ngati palibe. Kuyambira Android 10 ya 2019, mafoni ambiri salola n'komwe kulemba kapena kufufuta m'gawo la system. Batani lija linangolowetsa foni mu safe mode, momwe Magisk imazimitsa ma module onse. Ndipo Android popanda Package Installer siyaka.

"Nanga malo omwe ndimafuna aja?" ndinafunsa.

"Malo ake ati, madala? Dengu likadali pomwepo."

Eti gawo la system lili ndi malire akeake, ngakhale mutachotsamodi zinthu, malo a zithunzi ndi nyimbo sawonjezeka kwenikweni. Phindu lake n'lakuti zobisidwazo sizidyanso batire kapena bandulo. Limenelo ndikuvomera, si bodza.

Koma tsoka silinathere pomwepo. Lachisanu linali tsiku lomaliza kulipira fizi ya mwana wanga wa Fomu 3. Nditatsekula pulogalamu ya banki, inakana: foni iyi siyotetezeka. Google ili ndi njira yotchedwa Play Integrity yomwe imauza mapulogalamu ngati foni yasokonezedwa, ndipo mabanki ambiri safuna zocheza. Ndinakaima pamzere kubanki maola atatu, dzuwa lili pamutu.

Loweruka ndinabwerera kwa mnyamata uja. Anaifulasha, n'kutsekanso bootloader, kenako anailumikiza ku laputopu n'kulemba lamulo limodzi la ADB, pm uninstall -k --user 0, kutsogolo kwake dzina la sewero lililonse. Masewera anachoka pagalasi, popanda root, banki n'kutsekuka bwinobwino.

"Bwanji simunabwere kuno poyamba?" anafunsa akuwerenga ndalama zanga.

Za zithunzi za chinkhoswe, mayi a kunyumba sindinawauzebe.