Ndalama za fodya zikafika ku Nachisaka

Ndikafuna kudziwa ngati alimi a ku Nachisaka agulitsa bwino fodya ku Kanengo, sindifunsa munthu, ndimangoyang'ana pamsika. Mu Meyi ndi Juni nyama ya mbuzi imatha dzuwa lisanapendeke, malata ndi njinga zimayenda malonda, pomwe wogulitsa bonya amangoingitsa ntchentche. Sikuti anthu adana naye bonya ayi. Amamudya m'thumba mukapepuka, mukalemera amamusiya. Mchere wokha ndiwo susuntha: palibe amathira wambiri m'ndiwo chifukwa choti wapeza ndalama.

Izi si zachilendo: katswiri Ernst Engel wa ku Germany anaona mu 1857 kuti banja likamapeza zambiri, gawo la ndalama lopita ku chakudya limachepa, ngakhale likudya bwino kuposa kale.

Zinthu zimabwereranso m'mbuyo. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama yomweyo inayamba kugula zochepa. Ikafika Januwale, ndalama za fodya zitatha, shuga amagulidwa wa m'timapepala, mafuta ophikira a m'timachubu, chitenje chatsopano chimadikira, kaunjika n'kupeza makasitomala. Feteleza yekha sasiyidwa msanga: mlimi amalolera kugulitsa mbuzi kuti apeze thumba limodzi.