Uyu aloweza m'buku, uyu atola ku bola: Chizungu cha ana ku Mlolo

Holide ikafika, manyumba athu muno mu Lusaka amadzaza na ana a kumudzi. Ngati kwanu kwabwera awiri ochoka kwa Mfumu Mlolo ku Chadiza, kufupi na malire a Mozambique, mtsikana na mnyamata a giredi imodzi, ayeseniko mawu a Chizungu. Kambiri mudzaona mtsikana athamangira buku lake. Mawu analemba pamzere, tanthauzo pambali, sipeling'i yabwinobwino, koma mukamuuza akambe sentensi imodzi, maso pansi, pakamwa zii. Mnyamata yena aponya offside, penalty, network, bundle, alibe na manyazi. Manje m'patseni bolopeni alembe mawu omwewo. Mudzagwira pamutu.

Musafulumire kukamba ati Chizungu ni cha akazi, masamu ni ya amuna, monga tinazolowera kumva.

Kusiyana kulipo, ofufuza anakuona. Mu 1989 Rebecca Oxford na Martha Nyikos anafunsa ophunzira pafupifupi 1,200 pa yunivesite ina ku America, napeza kuti akazi amasewenzetsa njira zambiri pophunzira chilankhulo chachilendo. Mu 2003 Rosa María Jiménez Catalán anafunsa ophunzira 581 ku Spain za mawu chabe. Atsikana anapezeka kuti amakonda kubwereza, kufunsa na kukonza dongosolo la kawerengedwe, pamene anyamata amadalira kwambiri chithunzi cha m'mutu kuti akumbuke liwu. Koma kumeneko ni kusiyana kwa kaphunziridwe. Janet Hyde na Marcia Linn ataphatikiza kafukufuku 165 mu 1988, anapeza kuti pa luso la mawu akazi amaposa amuna pang'ono kwambiri, moti sungaloze mwana n'kunena ati uyu adzakwanitsa chifukwa ni mkazi.

Nanga ku Mlolo chimasiyanitsa ana n'chiyani? Yang'anani kumene aliyense achezera tsiku lonse.

Kumeneko panyumba ni Chichewa, kumunda Chichewa, kuchigayo Chichewa. Chizungu chimakhala m'kalasi na mu foni. Mnyamata amaloledwa kuyenda. Apita pamsika madzulo, aonerako bola ya ku England, agwirako foni ya amalume, akwerako njinga mpaka ku boma. Mawu awatola na khutu, ambiri osadziwa kalembedwe kake. Koma mnyamata yemweyo ndiye amene ku Eastern Province amatumizidwa kukaweta ng'ombe za munthu wina zaka zitatu kapena zinayi kuti apatsidwe ng'ombe imodzi. Zaka zimenezo buku sialiona, ndipo akabwerera ku sukulu ni chimkulu pakati pa tiana.

Mtsikana amakhala pafupi na nyumba. Atunge madzi, atsuke mbale, abereke kamwana. Chizungu chake chonse ni chija aphunzitsi analemba pabolodi, ndiye amachisunga monga ndalama. Waphunzitsidwanso kuti mwana wamkazi waulemu sakweza mawu pamaso pa akulu. Ulemu ni wabwino, sitikukana, koma liwu limene sunalitchulepo na pakamwa pako limathawa msanga. Ndipo ngati mimba yabwera, lamulo la 1997 limamulola kubwerera ku sukulu atabereka, koma miyezi imene waphonya palibe amene am'bwezera.

Nkhani iyi yakula chifukwa malamulo a chilankhulo cha m'kalasi akhala akusintha. Lamulo la maphunziro la 1966 linaika Chizungu kuyambira giredi 1. Kuyambira 2014 ana a ku Chadiza anali kuphunzira m'Chinyanja mpaka giredi 4, Chizungu n'kutenga malo pa giredi 5. Silabasi yatsopano imene inayamba mu 2025 yabweza Chizungu kuyambira pansi. Mayeso a ECZ nawo amabwera m'Chizungu, kupatulako pepala la Chinyanja. Mwana amene sadziwa kusiyana kwa explain na describe amafeluka sayansi imene aidziwa. Kumbukiraninso kuti pa mayeso a PISA for Development a mu 2017, ana 5 chabe pa 100 a zaka 15 a m'masukulu a Zambia ndiwo anafika pa muyeso wochepetsetsa wa kuwerenga. Pamenepo kukangana ati opambana ni atsikana kapena anyamata ni kutaya nthawi, onse ali pansi.

Paul Nation wa ku New Zealand anawerengera kuti munthu afunika magulu a mawu 8,000 kufika 9,000 kuti awerenge nyuzipepala ya Chizungu popanda thandizo. Ni ambiri, ndipo liwu sililowa tsiku limodzi. Lifunika kulimva, kuliona, kulilemba na kulikamba kambirimbiri.

Ndiye holide ino asinthanitseni. Mnyamata mugulireni kabuku ka K5, liwu lililonse limene watola pa TV alilembe, mtsikana achonge sipeling'i. Mtsikana m'tumeni ku shopu akagule m'Chizungu, kapena akufotokozereni nyuzi pambuyo pa chakudya, ndipo akaphonya musaseke, ngakhale mlongo wake asaseke. Mbale za usiku umenewo atsuke mnyamata.