Ulendo wa Banja ku Paki ya Zisangalalo

Sukulu zikatsekera, m'nyumba zambiri mumamveka pempho limodzi. Ana amafuna kuti makolo awatengere ku paki ya zisangalalo, kumene anzawo adapitako n'kubwerako ndi nkhani zosatha. Makolo ena amavomera msanga. Ena amayamba akhala chete, kenaka n'kunena kuti, "Tiona mwezi ukatha." Kholo lotere limakhala likuwerengera mumtima ngati chisangalalo cha tsiku limodzi chingalingane ndi ndalama zimene lazikhetsera thukuta kwa masabata ambiri. Kuti mwana amvetse maganizo a makolo ake, ayenera kudziwa kuti pakiyo n'chiyani, ndalama zimathera pati, ndiponso chimene banja limabwera nacho kunyumba.

Paki ya zisangalalo n'chiyani?

Ana amene adapitako ku chionetsero cha zaulimi cha ku Harare adaonako akatungwe oyendera magetsi, ena ozungulira, ena okwera ndi kutsika. Akatungwe amenewo amabwera pa malole, ndipo chionetsero chikatha amawamasula n'kupita nawo kwina. Paki ya zisangalalo siisamuka. Imamangidwa pamalo amodzi aakulu okhala ndi mpanda ndi chipata, ndipo munthu amalowamo akagula tikiti.

Mapaki ambiri otere amamangidwa motsatira nkhani imodzi. Nyumba zake, zovala za antchito ndi mayina a makina okwera, zonse zimakumbutsa alendo za nkhaniyo. Paki ya Disneyland, imene Walt Disney adatsegula ku California m'dziko la America m'chaka cha 1955, imatsatira nthano ndi makatuni. Paki ya uShaka Marine World ya ku Durban, yomwe idatsegulidwa mu 2004, imatsatira za m'nyanja. Paki ya Gold Reef City, imene ili chakummwera kwa mzinda wa Johannesburg, imatsatira nkhani ya golide. Misewu ndi nyumba za m'pakiyi adazimanga mofanizira tauni ya anthu okumba golide ya zaka zoposa 100 zapitazo.

Sitima yopanda injini

Chimene chimakopa ana ambiri ndi kasitima kothamanga pa njanji yokhotakhota, yokwera m'mwamba ndi kutsika mwadzidzidzi. Ku Gold Reef City kuli timasitima totere tingapo. Pa Anaconda, mipando imalendewera kunsi kwa njanji, miyendo ya okwera ili lendelende m'malere. Pa Tower of Terror, ngolo imafika pamwamba pa nsanja, kenaka imagwa chamutu mtunda wa mamita pafupifupi 50 mpaka kulowa m'dzenje pansi pa nthaka.

Chodabwitsa n'chakuti timasitima tambiri totere tilibe injini. Poyamba tcheni choyendera magetsi chimakokera kasitimako pang'onopang'ono mpaka pansonga pa chitunda choyamba. Pamenepo tchenicho chimakasiya, ndipo mphamvu ya dziko yokokera zinthu pansi imayamba ntchito yake. Ndi mphamvu yomweyo imene imagwetsa bango mumtengo ndi kuthamangitsa njinga pamtsetse. Liwiro limene kasitima kamapeza potsika ndi limene limakakweza pa chitunda chachiwiri. Koma mateyala akamakhuzana ndi njanji, ndiponso mphepo ikamawomba kutsogolo, liwiro lija limachepa. N'chifukwa chake chitunda choyamba chimakhala chachitali kuposa zotsatira zonse.

Nanga n'chiyani chimaletsa kasitimako kuchoka pa njanji? Kali ndi mateyala a mitundu itatu: ena amayenda pamwamba pa njanji, ena m'mbali, ena kunsi. Onse pamodzi amagwira njanjiyo monga mmene dzanja limagwirira mpini wa khasu. Wokwera naye amamangidwa ndi lamba kapena chitsulo chotsekera pachifuwa ndi pamiyendo. Zomangira zimenezi adazipangira matupi a msinkhu wakutiwakuti. Ndiye chifukwa chake pakhomo pa makina aakulu pamakhala choyezera kutalika, ndipo mwana wosafika pa mzerewo amabwezedwa ngakhale alire chotani. Wantchito amene wamubweza amakhala akuteteza moyo wake.

Ena akatsika amamva chizungulire. M'kati mwa khutu la munthu muli timadzi timene timathandiza thupi kudziwa ngati laima chilili kapena lapendekeka. Munthu akazunguzidwa kwambiri, timadzi timeneti timapitiriza kuyenda kwa kanthawi ngakhale iye ataima, choncho amaona ngati dziko likuzungulira. Akakhala pansi pang'ono, chizungulirecho chimatha.

Ndalama ndi nthawi zimathera pati?

Tikiti yolowera m'paki ndi yokwera mtengo pa zifukwa zomveka. Makina aakulu amadya magetsi ambiri. Amakaniko amayendera njanji, mateyala ndi mabuleki kawirikawiri kuti pasachitike ngozi. Palinso alonda, osesa ndi oyendetsa makina, ndipo onsewa amalandira malipiro.

Komabe tikiti ndi chiyambi chabe. Banja liyenera kulipira basi kapena kugula mafuta a galimoto. Ngati likuchokera kutali, pamafunikanso malo ogona. M'kati mwa mpanda, chakudya ndi zakumwa zimadula kuposa kumsika, chifukwa mlendo amene wamva njala sangathe kupita kukagula kwina. Ndiye pali zidole, maswiti ndi zithunzi zimene amazigulitsa pamalo poti mwana aliyense azione. Mtengo wa chilichonse mwa zimenezi uyenera kuchulukitsidwa ndi chiwerengero cha anthu a m'banjamo. Kanthu kamene kamaoneka kotchipa kwa munthu mmodzi kamasanduka katundu wolemera ngati anthu ali asanu ndi mmodzi.

Nthawi nayo imawonongeka. Ulendo wa pa kasitima umatha mphindi imodzi kapena ziwiri, koma pa masiku a tchuthi munthu angathe kuima pamzere nthawi yaitali padzuwa asanakwere. M'nyengo yamvula, ku Johannesburg kumagwa mvula ya mabingu ndi ziphaliwali makamaka masana, ndipo zikatero makina aatali amaimitsidwa. Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Wofuna liwiro la kasitima ayenera kuvomera mzere, kutopa ndi kudikira.

Pansi pa paki pali mgodi

Paki ya Gold Reef City ili ndi chinthu china chimene mapaki ambiri alibe. Idamangidwa pamalo pamene padali mgodi weniweni wa kampani ya Crown Mines, pa dzenje lotchedwa Shaft 14, lomwe lidaleka kugwira ntchito m'zaka za m'ma 1970. Alendo amavala zipewa zolimba, amatenga nyali, n'kutsikira pansi pa nthaka mu chikepe. Kumeneko amaona njira zopapatiza ndi zida zimene anthu ankaswera miyala. Pamtunda amaonetsedwa mmene golide wosungunuka amathiridwira m'chikombole.

Golide wa m'derali adapezeka m'chaka cha 1886 pa famu ya Langlaagte, ndipo mzinda wa Johannesburg udabadwa chaka chomwecho. Eni migodi adafuna antchito ambirimbiri olandira malipiro ochepa. Adawapeza m'midzi ya ku South Africa komweko, ku Mozambique, ku Lesotho, ku Nyasaland (dziko limene lero ndi Malawi) ndi kwina. Kumudzi boma la atsamunda linkafuna msonkho wa ndalama, pamene ntchito zolipidwa zidali zosowa. Motero amuna ambiri olankhula Chichewa adasiya mabanja awo n'kulowera kummwera. Ena adaima panjira, nagwira ntchito m'mafamu a fodya ndi m'migodi ya ku Southern Rhodesia, komwe tsopano ndi Zimbabwe. Ena adapitirira mpaka ku Johannesburg, kumene ankakutchula kuti ku Joni. Amene adakhalitsa osabwerera kwawo ankatchedwa matchona.

Bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi linkadziwika ndi dzina lakuti Wenela. M'zaka zakumapeto linkanyamula antchito pa ndege kuchokera ku Malawi kukafika ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo kuchokera kumeneko ankakwera sitima. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Mu Epulo 1974, ndege ya Wenela idagwa ku Francistown n'kupha anthu oposa 70, ambiri a iwo Amalawi obwerera kwawo. Zitatero, Pulezidenti Kamuzu Banda adaimitsa kulemba anthu ntchitoyi.

Moyo wa mumgodi udali wowawa. Pansi pamatentha, ndipo nthawi zina miyala inkagumukira anthu. Fumbi la miyala linkawononga mapapo, kotero ambiri adabwerera ndi chifuwa chachikulu. Ankagona mothithikana m'makomboni a amuna okhaokha, kutali ndi akazi ndi ana awo. Ndalama zochepa zimene ankasunga ndizo zidagula malata, njinga ndi makina osokera kumudzi, ndi kulipirira ana sukulu. Pafupi ndi chipata cha pakiyi pali nyumba yosungiramo mbiri yotchedwa Apartheid Museum, imene idatsegulidwa mu 2001. Imafotokoza za malamulo a tsankho amene anthu akuda ankakhala pansi pake.

Choncho mwana wa Chichewa amene watsika mu chikepe chija amaona ndi maso ake mtundu wa malo amene agogo a anthu ambiri a mtundu wake ankagwiramo ntchito. Iye amakhalamo kanthawi kochepa n'kutuluka kukadya ayisikilimu. Iwo ankalowa kusanache n'kutuluka thupi lonse lili fumbi lokhalokha, tsiku ndi tsiku, kwa miyezi yambiri.

Nanga ulendowu ndi woyenera?

Yankho silingafanane m'mabanja onse, koma pali mafunso atatu amene amathandiza.

Funso loyamba ndi lakuti: ndalama zichokera kuti? Ngati ulendo udzadya ndalama za lendi, za ufa kapena za sukulu, kapena ngati makolo ayenera kukatenga katapila, ulendowo suli woyenera. Chisangalalo chidzatha dzuwa likamalowa, koma ngongole idzakhalapo miyezi yambiri. Banja limene lasunga pang'ono mwezi ndi mwezi limapita ndi mtima wokhazikika, pakuti pang'onopang'ono ndi mtolo. Ana nawonso angathe kuponyamo timakobiri tawo m'chitini cha ulendo.

Funso lachiwiri ndi lakuti: kodi aliyense adzapeza chomukondweretsa? Mwana wamng'ono kwambiri sadzaloledwa pa makina aakulu, ndipo mwina sadzakumbukira n'komwe kuti adapitako. Nthawi zina ndi nzeru kudikira chaka chimodzi kapena ziwiri kuti ang'ono akule. Ndi bwinonso kufunsiratu za mitengo, masiku otsegulira ndi malamulo a chakudya, ndi kufika m'mawa mizere isanatalike.

Funso lachitatu ndi lakuti: banja lidzabwera ndi chiyani? Makolo ambiri amachoka m'nyumba m'bandakucha n'kubwera usiku. Tsiku limene bambo, mayi, ana ndi agogo akhala pamodzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo ndi losowa. Ana amakumbukira kwa zaka zambiri mmene bambo adakuwira pa kasitima, ndi mmene mayi adasekera mpaka misozi. Ngati pa zimenezi awonjezerapo kutsika mumgodi, agogo n'kuwasimbira za achibale amene adapita ku Joni, ndiye kuti ndalama zija zagula chinthu chokhalitsa.

Mwana amene banja lake silingathe kupita asachite manyazi, ndipo amene adapitako asanyoze mnzake. Kukhala pamodzi sikufuna tikiti. Banja lingathe kunyamula mbatata ndi thobwa n'kukakhala tsiku lonse m'mbali mwa damu, kukaonera mpira, kapena kukacheza kwa agogo. Nkhani za matchona zimamvekanso bwino pakhonde madzulo. Ndipo makolo akati, "Tiona mwezi ukatha," mwana wanzeru amawathandiza kuwerengera m'malo mokwiya.

Mawu oti muwadziwe

chikepe: chipinda chaching'ono chonyamula anthu kukwera kapena kutsika

chikombole: chinthu chothiramo dothi kapena chitsulo chosungunuka kuti chiume m'maonekedwe ofunika

katapila: ngongole yobweza ndi chiwongoladzanja chachikulu

mtchona: munthu amene wakhalitsa kudziko lina osabwerera kwawo

Mafunso

1. Tchulani kusiyana kuwiri pakati pa akatungwe a kuchionetsero ndi paki ya zisangalalo.
2. N'chifukwa chiyani chitunda choyamba cha njanji chimakhala chachitali kuposa zinzake?
3. Fotokozani chifukwa chimene ana aafupi amaletsedwera kukwera makina aakulu.
4. N'chiyani chidachititsa amuna ambiri kusiya midzi yawo n'kupita kummwera?
5. Kodi mwambi wakuti "walira mvula walira matope" ukutanthauza chiyani m'nkhaniyi?

Ntchito

Funsani makolo kapena agogo anu kumene banja lanu lidachokera ndi ntchito imene oyamba kufika m'dziko lino ankagwira. Lembani ndime imodzi ya zimene mwamva, ndipo mukawerengere anzanu m'kalasi.