Musanagulire Mwana Thabuleti Yojambulira

Mlongo wanga atagulitsa nshawa zace caka catha, anapatula ndalama zina kuti akondweretse mwana wace woyamba, mnyamata amene cikhalire amadzaza zikuto za makope ndi nkhope za anthu. Mwanayo anali atapempha thabuleti yojambulira. Amace analowa m'sitolo ina kuno ku Chipata nabwerako ndi cinthu conyezimira conga foni yaikulu, pamodzi ndi kamtengo kokhala ndi mphira kunsonga. Madzulo ace mnyamatayo anadza kwa ine nkhope ili yakugwa. "Amalume, si iyi," anatero. Wogulitsa anakana kuilandiranso. Cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere.

Makolo anzanga, dzina lakuti thabuleti limaimira zinthu zitatu zosiyana, ndipo apa ndi pamene ndalama zimatayikira. Pali ija yonga foni yaikulu, yoonerapo makanema. Zochipa za mtundu uwu sizimva ngati dzanja lakanikiza kapena lapepuza, motero mzere umaturuka umodzimodzi. Pali ina yokhala ndi galasi imene munthu amajambula pacithunzi penipeni: njabwino ndithu, koma mtengo wace ndi wa anthu amene ayamba kale kudyera lusoli. Yacitatu ndiyo yoyenera wophunzira. Ndi kathabwa kakuda kopanda galasi, konga sileti imene atate athu analemberapo ku sukulu za mishoni. Mwana alemba pa kathabwako, koma cithunzi cioneka pa kompyuta kapena pa foni. Kumaiko akunja zing'onozing'ono zotere zimagulidwa madola a ku Amereka 30 kufikira 50, pamene zagalasi zimaposa mtengowu kanayi kapena kasanu. Kuno kwathu onjezanipo msonkho ndi ulendo wa pa Great East Road.

Maina amene mudzakumana nawo ndi ocepa. Wacom ndiyo nkhalakale, kampani ya ku Japan imene inayamba mu 1983, ndipo katundu wace amalimba koma amakwera mtengo. Huion ndi XP-Pen zimapangidwa ku China, ndipo ndizo zinatsitsa mitengo kuti ndi amphawi omwe afikepo. Mwacitsanzo, Huion H640P ili ndi malo ojambulapo a masentimita 16 m'litali ndi 10 m'lifupi. Kwa woyamba n'kokwanira, ndipo imalowa m'cola ca sukulu.

Pa bokosi mudzaona manambala akuluakulu: 2048, 4096, 8192. Amenewa anena za kucenjera kwa colembera pa kumva mphamvu ya dzanja, kuti pokanikiza mzere unenepe, popepuza uwonde. Wogulitsa adzakuuzani kuti 8192 ndiyo yeniyeni. Ine ndinena kuti dzanja la wophunzira silingathe kusiyanitsa, ndipo sindikanaonjeza ngwee imodzi cifukwa ca nambalayo.

Cimene ndikanafunsa coyamba ndi ici: kodi colembera cace cifuna batire? Zambiri za masiku ano sizifuna; cimatenga mphamvu ku kathabwa komweko, ndipo kathabwako kamadya moto pang'ono wocokera ku kompyuta kapena foni kudzera pa nthambo. Tonse tikumbukira caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi anali kucoka pafupifupi tsiku lathunthu. Nyumba yokhala ndi kasola kocajira foni ikanatha kumsunga mwana pa nchito yace ngakhale m'masiku aja.

Nkhani ya foniyi njofunika kuimvetsa, popeza nyumba zathu zambiri ziribe kompyuta. Mathabuleti ena amagwira nchito ndi foni ya Android polumikiza ndi kacitsulo kochedwa OTG, koma si foni iliyonse imene imalola, ndiponso si thabuleti iliyonse. Musakhutire ndi mau a pakamwa. Tengani foniyo ndi mwanayo kusitolo, alumikize, alembe mzere, inu muone ndi maso anu musanaturutse ndalama. Ngati mutuma wacibale ku Lusaka kapena ku Lilongwe, mlembereni dzina ndi nambala ya thabuletiyo pa pepala. Funsaninso za nsonga zapadera, pakuti nsonga imatha monga coko. Colembera cikatayika, ca kampani ina sicigwira, ndipo cina cimavuta kucipeza kuno. Ndiye cifukwa cace ya salaula yobwera yopanda colembera ndi thabwa cabe.

Pa mapulogalamu musalipire kanthu poyamba. Krita njaulere pa kompyuta, ndipo pa foni ana ambiri ayambira pa ibisPaint.

Wina adzati, kodi si masewera amenewa? Makolo athu anajambula pa matanthwe a ku Thandwe ndi ku Mkoma, ndipo ku Mua m'Malawi Bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni mu 1976, kumene ambiri aphunzira kudyera kusema ndi kujambula. Lero zikwangwani za masitolo a ku Kapata, makadi a ukwati ndi zolemba za pa masikipa zimayambira pa kompyuta, ndipo alipo amene alipidwa pozikonza. Komabe mwana amene sanathepo kope limodzi ndi pensulo ayambe watha kopelo.

Mnyamata wathu uja tinamgulira kathabwa kakuda mphwace atatenga yonyezimira ija. Sabata yoyamba anadandaula, cifukwa dzanja liri pansi pamene maso ali pa foni, ndipo mizere inali kukhota ngati njira ya woledzera. Pa sabata yacitatu anajambula agogo ace akusenda cimanga, ndipo iwo poona anangofunsa cifukwa cimene anawaikira makwinya ambiri cotero.